Mamita 742

Lolemba, 5 Febuluwale

Tsiku loyamba. Pageti atilanda mafoni, aliyense kakabati kake ndi kiyi wake. Kenako mapepala anayi osaina, lina la lumbiro: za ntchito osauza munthu, ngakhale mayi wokubala, osazitchula pafoni, osazilemba kunja kwa mpanda. Ndasaina. Ndiye pano ndikulemba. Kabukuka kazigona pansi pa thumba la mpunga. Msilikali amene adzafufuze mpaka pamenepo ndiye kuti ali ndi njala.

Kampani ndi yaing'ono, kuseri kwa bwalo la ndege kuno ku Bandung. Ndege sitipanga ayi. Timapanga timabokosi tolowa m'ndege za asilikali zonyamula katundu, ndi mapulogalamu ake. Ine andiika pa kabokosi kochenjeza oyendetsa. Miyezi itatu yondiyesa kaye, akakhutira ndiye andilembe.

Mak, mayi anga, anauza kale mudzi wonse kuti mwana wawo Imas akupanga ndege za nkhondo. Ndinawaletsa. Akuti sanauze anthu, anangouza mng'ono wawo, Bi Ikah. N'chimodzimodzi kulengeza pa chimkuzamawu cha kumzikiti.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Wondiyang'anira ndi bambo wina, Pak Oman. Aafupi, imvi mbuu, zaka 31 pa ntchito yomweyi, mu Okutobala akupuma. Ali ndi chidindo chawochawo chokhala ndi nambala, amachimangirira kachingwe m'thumba la malaya. Lamulo la pano: wolemba pulogalamu sadziwerengera yekha. Wina awerenge mzere ndi mzere, adinde, asaine. Popanda chidindo palibe cholowa m'ndege. Zanga zonse azidinda ndi iwowo.

Andifunsa chimene timachita kuyunivesite pulogalamu ikauma. Ndati timathimitsa n'kuyatsanso. Iwo akusenda nthochi, osandiyang'ana n'komwe: "Kuno, Neng, ikauma timapita kumaliro." Kenako andigawira theka la nthochiyo. 

Wina ndi Kang Wawan wa patebulo loyeserera, pamene pali mawaya, mageji ndi timabokosi tonse tolumikizidwa monga timakhalira m'ndege. Pakamwa pake sipatsekeka. Wandipatsa kale dzina, Neng Digiri, ndiye kuti Mtsikana wa Digiri.

Lachiwiri, 20 Febuluwale

Masabata awiri ndikungowerenga mabuku a malamulo. Maso kuwawa, khosi kuuma. Lero ndiye andipatsa ntchito yeniyeni, mizere yosakwana mazana atatu.

Ndiilembe pano ndione ngati ndaimvetsa. Ndege ikamatsika kukatera, ikangotsala ndi mamita 150 kuti ifike pabwalo koma matayala asanatulutsidwe, kabokosi kathu kakuwe: matayala, matayala. Kuti kadziwe kuti pansi payandikira, kamatenga kutalika kumene ndege ili kuchokera panyanja, n'kuchotserapo kutalika kwa bwalo limene ikukaterapo. Nambala ya bwaloyo kamalandira kuchokera ku kabokosi kena, ka mapu. Basi. Masamu a mwana wa pulayimale. 

Lachisanu, 1 Malichi

Kwabwera woyendetsa ndege amene adzayese kabokosi kathu, Meja Sihombing. Chimunthu chachikulu cha ku Medan, akamapereka moni umaona ngati mwayambana. Wakhala patebulo loyeserera, wamvera kabokosi kakukuwa, akuti mawu ake ndi a apongozi ake enieni. Tonse kuseka.

Potuluka waima padesiki yanga, wafunsa ngati wolemba ndine. Ndangogwedeza mutu. "Zaka 18 sindinaiwalepo matayala, mlongo wanga. Koma ku Papua umatera pakati pa mapiri, mtambo uku, mvula uku, wailesi ikulongolola. Tsiku limene ndidzaiwale, wondikumbutsa ndiwe." Ali ndi ana atatu, watiuza mayina tisanafunse. Ndikanakonda akanapanda kuwatchula.

Lachitatu, 13 Malichi

Tsiku lachiwiri la kusala kwa Ramadani. Mutu kuwawa kuyambira 11 koloko.

Kabokosi ka mapu kachoka, anthu a gulu lina akabwereka, akuti masiku awiri. Masiku awiri a pano ndikuwadziwa kale. Popanda iko pulogalamu yanga siyeseka, imangodikira nambala ya bwalo imene sikubwera. Kang Wawan akuti ndisamuonetse nkhope ya maliro m'mawamawa, ndingolemba nambalayo ndi dzanja m'pulogalamu, ya bwalo lathu lomweli, 742, ndiyese zanga, ndidzafufute kabokosi kakabwera. Akuti onse amatero, ngakhale Pak Oman ankatero tsitsi lili lakuda. Nambala imeneyi pano aliyense amaidziwa kuposa tsiku lake lobadwa, inalembedwa ndi penti yofiira pakhoma la shedi ya ndege.

Ndalemba. Zonse zayenda bwinobwino.

KUMBUKIRA KUCHOTSA 742.

Kufutulu, kumasula kusala madzulo, ndekha m'chipinda, tiyi wotsekemera ndi zitumbuwa ziwiri za pangolo ya pakona. Mak aimba kufunsa ngati ndikudya.

Lachinayi, 28 Malichi

Masabata awiri osagwira kabukuka. Ntchito kuthamanga, akuluakulu akufuna zonse zithe Idi isanafike. Kabokosi ka mapu kanabwerera sabata yatha, mayeso onse 64 anadutsa.

Lero Pak Oman awerenga ntchito yanga. Magalasi pamphuno, milomo youma ndi kusala, chala chikuyenda pamzere. Ayamba 2 koloko. Pofika 4 koloko ofesi inali itatsala pang'ono kukhala yopanda munthu, aliyense kuthawa mdipiti wa magalimoto kuti akafutulire kwawo. Ine chilili pambali ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso. Andipeza ndi tizolakwa tiwiri, ndakonza pomwepo. Atulutsa chidindo, adinda. Kaphokoso kake kakang'ono, ngati kuswa dzira.

"Si zoipa, Neng." Kang Wawan akuti ndiwasunge bwino mawu amenewo, kwa Pak Oman ndiwo mayamiko a chaka chonse.

Lachitatu, 3 Epulo

Yauluka! Tinaima tonse kunja kwa shedi, manja pamphumi. Meja anachedwetsa dala matayala, kabokosi kanakuwa pa 150 ndendende. Katatu konse. Potsika wandikwezera chala chachikulu ali kutali. Ndakalirira pang'ono kubafa kuti Kang Wawan asapeze nkhani.

Lachisanu atseka kampani, masiku khumi. Titsegulira pa 16, ndipo pa 17 ndege inyamuka kupita ku Papua kukayamba ntchito. Tikiti ya basi ndapeza, mpando wakumbuyo kwenikweni, pamwamba pa injini. Bola kukafika.

Loweruka, 6 Epulo, kwathu

Maola 11 paulendo wa maola 6. Dziko lonse lili pamsewu.

Potulutsa katundu m'chikwama ndapeza botolo langa la pulasitiki, lija ndinamwera madzi pa daku, chakudya cha m'bandakucha tisanayambe kusala, n'kulitseka lopanda kanthu ndili ku Bandung. Lafinyika m'mbali ngati wina waliponda. Mak akuti ndinalikhalira. Ndayamba kuwaphunzitsa, ine Neng Digiri, kuti ayi Mak, mpweya wa ku Bandung ndi wopepuka chifukwa ndi kumtunda, kuno ku Pangandaran tili panyanja penipeni, pamene Bandung ili pamwamba ndi mamita 742.

Mawu anathera pomwepo. Mak kufunsa kuti chavuta n'chiyani. Ndati chizungulire cha basi.

Ndatsegula kabuku kano kuyambira pa 13 Malichi. Zilembo zikuluzikulu zija zilipo. Tsamba lonena kuti ndachotsa palibe.

Lamlungu, 7 Epulo

Ndinachotsa. Ndikuchiona chala changa chikufufuta. Ayi, chimene ndikuonacho ndi tsiku lina, mzere wina. Sindikudziwa.

Nanga mayeso 64 aja? Onse anali a bwalo la Bandung, a mabwalo ena anati adikire mapu atsopano mu Juni. Kabokosi ka mapu kakatumiza 742, pulogalamu yanga nayo ikanena 742 yakeyake, angaone kusiyana ndani? Meja anayesera pa Bandung pomwepo. Ndipo chala cha Pak Oman chikafika pa 742 chingaime bwanji, nambala imene akhala akuiona m'mawa uliwonse zaka 31?

Ndawerengera pakatoni ya makeke a Idi. Bwalo la kumapiri kumene akupita lili pa mamita 1,600. Ngati nambalayo ilimo, ndege ikafika pansi penipeni kabokosi kakuganiza kuti kwatsala mamita 858. Sikakakuwa. Ndege ikakhula mimba pansi iko kali duu. Panjira akaima m'mabwalo a kunyanja, kumeneko kakakuwa msanga ndege ikadali m'mwamba, ndipo ndikudziwa chimene oyendetsa amachita ndi kabokosi kolongolola pachabe. Amakatseka pakamwa.

Mak anaotcha nsomba chifukwa cha ine. Ndangoitsinatsina.

Lachiwiri, 9 Epulo

Ndibwerere ku Bandung? Kukatani? Geti ndi lotseka, ndipo chipinda chathu chimatsegulidwa ndi zitupa za anthu awiri. Pafoni sindingatchule kanthu, lumbiro lija. Kang Wawan ananenapo kuti mafoni athu alipo amene amawamvetsera, kaya ankaseka kaya, munthu uja sadziwika.

Bi Ikah abwera ndi amayi atatu kudzaona wopanga ndege. Kundigwiragwira m'mapewa, kufunsa ngati ndinakwerapo, ngati kulibe malo a mkamwini wawo amene amadziwa kukonza mafiriji. Mak nkhope kuwala. Anditumiza kukawathirira chakumwa pamene onse akusala, Mak mutu unali utazungulira ndi kunyada. Ine ndikungomwetulira.

Tathira mpunga m'timadengu ta masamba a ngole, ta mawa. Tanga tonse tatuluka topindika.

Lachitatu, 10 Epulo, Idi

Swala, mapemphero a Idi, pabwalo la mpira, dzuwa kale pa 7 koloko. Pobwera ndagwada pamaondo a Mak kupepesa monga chaka chilichonse, koma ndalira mopitirira muyeso. Iwo kudabwa, akuti mwanawe wandilakwira chiyani chachikulu chotere, wagulitsa bwato la malemu bambo ako?

Masana ndaimbira Pak Oman. Ndimafuna kungopempha kuti tionane, kulikonse, ngakhale mawa. Kumbuyo adzukulu kusokosera, mbale kulira. Ndisanayambe andiuza okha kuti ali kwawo kwa mkazi wawo ku Solo, abwera pa 15 madzulo Mulungu akalola. Mawu awo osangalala, sindinawamvepo chotero. Ndangowafunira Idi yabwino ngati munthu wina aliyense. Akuti moni kwa mayi. Adula.

Wamantha iwe.

Lachisanu, 12 Epulo

Ramadani yatha, asatana amene amamangidwa mwezi wa kusala awamasula, woyamba wafikira kwa ine. Nzeru zake ndi izi. Mu Juni kutuluka pulogalamu yatsopano. Ndikhoza kufufuta mwakachetechete, palibe angadziwe. Meja zaka 18 sanaiwalepo matayala, angayambe chaka chino? Ndi miyezi iwiri yokha.

Ndikaulula, ya ine yathera pomwepo. Ndidzabwerera kuno kudzayanika nsomba ndi Mak, Bi Ikah akuonerera. Izo ndikhoza kupirira, kaya. Koma papepala paja pali chidindo cha Pak Oman, munthu watsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuti apite kwawo ndi ulemu wake. Ndiwagwetsere m'dzenje langa?

Ndiyeno mayina a ana a Meja aja. Ndikufuna kuwaiwala, akukana. Tiur, Binsar, ndi wamng'ono Uli.

Ndili ndi mantha. Mantha onena, mantha osanena. Koma aakulu ndi akuti m'mawa wonse wa lero ndakhala ndikumumvera satanayo, ndipo amamveka wanzeru.

Mwinanso ndinachotsa.

Lolemba, 15 Epulo, Bandung

Ndabwerera. Mak andinyamulitsa chakudya cha anthu asanu. Pokwera basi anandigwira tsaya, akuti kaya n'chiyani chimene sungandiuzecho, chandidyera mwana. Makutu kutsekeka basi ikukwera mapiri, ndipo nthawi iliyonse akatsekeka 742 kubwera m'mutu.

Malaya a mawa ndasita kawiri.

Lachiwiri, 16 Epulo

Ndinafika 7 koloko isanakwane, kudikira chitupa chachiwiri. Kang Wawan anabwera akuyasamula, akuti Neng Digiri wasowa ntchito mpaka kugona pakhomo. Ndinangothamangira padesiki yanga.

Mzere wa 212. Ilipo. 742, yakhala phee ngati ndi kwawo. 

Ndisanaimirire, belu. Onse kuholo, mwambo wopepesana wa pambuyo pa Idi. Akuluakulu ndi alendo pamzere kutsogolo, ife mazana awiri kudutsa mmodzimmodzi, kugwirana manja, mawu omwewo: ndikhululukireni zooneka ndi zosaoneka. Fungo la nkhuku yophika ndi ngole likuchokera kumbuyo. Meja analipo, atavala yunifolomu. Pak Oman anaima pakati pa iye ndi Bu Herlina, mkulu woona kuti zonse zatsata malamulo, mayi amene ngakhale bwana wamkulu amamuopa.

Maganizo anga anali oti ndidutse kaye, ndiwauze paokha tikatha kudya. Mzere ukusendera, ine ndikuwerenga anthu otsala. Asanu, anayi. Ndinadzidziwa pomwepo kuti ndikadutsa dzanja limenelo ndi mawu opanda kanthu, tikatha kudya ndidzati mawa m'mawa, ndipo mawa m'mawa ndege idzakhala itapita.

Ndinagwira dzanja lawo, sindinalisiye. Ndinati: "Pak, 742 ili m'pulogalamu, mzere wa 212. Ndinaisiyamo ndine. Ili m'ndege."

Mzere unaima. Wina kumbuyo, amene sanamve, anaseka kuti Neng Digiri machimo ake ndi ofunika mpando. Pak Oman nkhope inasintha pang'onopang'ono, ndinaona ndi maso anga munthu akukalamba. Anangofunsa ngati ndaiona ndekha. Ndinati inde, m'mawa uno. Anatembenukira kwa Bu Herlina, dzanja langa lili m'dzanja mwawo, n'kunena kuti ndege isanyamuke mawa, ndipo chidindo chimene chili papepalapo ndi chawo.

Meja. Munthu wamawu uja. Anangondiyang'ana.

Zotsala ndi chipinda, mafomu, mafunso mpaka 5 koloko. Ndalemba nkhani imodzimodzi katatu. Chitupa sanandilande. 

Lachisanu, 19 Epulo

Anandifunsa amene anandiphunzitsa kulemba nambala ndi dzanja. Ndinati analemba ndine. Kang Wawan anakadzinenera yekha tsiku lomwelo, ndipo chiyambire Lachiwiri sanaseke munthu. Ofesi yakhala ngati chipatala. Afufuza 742 m'mapulogalamu onse a kampani, aipeza m'malo ena awiri, akale kuposa ine, mwamwayi osavulaza.

Chigamulo chatuluka lero. Ine kalata yochenjeza, ndi miyezi itatu ina yoyesedwa. Sanandichotse. Pak Oman chidindo awalanda mpaka kafukufuku athe. Kafukufuku atha mu Novembala. Aliyense wawerengera chamumtima, palibe wanena.

Awasamutsira kuchipinda cha mafayilo akale. Ndinapitako masana, ndinaima pakhomo nthawi yaitali ngati wodzagulitsa malonda. Kachingwe kaja kakadali m'thumba la malaya, kopanda kanthu. Ndinayamba kupepesa, anandidula.

"Anthu mazana awiri anandipepesa tsiku lija, Neng. Wotchula chimene walakwa unali wekha." Anabwezera magalasi pamphuno. "Koma usayembekezere kuti ndikusekere sabata ino."

Ndinatuluka. Ndimawakonda bambo amenewa, ndipo ndawathera ntchito ndine.

Lachinayi, 25 Epulo

Pulogalamu yokonzedwa anawerenga mayi wina wa gulu la mapu, masiku awiri athunthu, mzere uliwonse mokweza. Anayesa mabwalo khumi ndi awiri, a kunyanja ndi a kumapiri, osadikiranso Juni. Ndege inanyamuka Lachiwiri, woyendetsa Meja yemweyo. Sanabwere kudzatsanzika.

Lero inali yotera kumapiri, 10 koloko ya kumeneko, 8 koloko ya kuno. Ndinafunsa Kang Wawan kuti atiuza ndani ikatera. Akuti palibe. Analoza foni ya pakhoma, yotuwa, imene sindinaionepo ikugwiritsidwa ntchito. Akuti kuno amaimba zikavuta basi.

8 koloko inakwana, inadutsa. 9 koloko. Cha m'ma 11 inalira, ndinagwetsa kapu. Anali a kukantini, kufunsa za mbale zawo za pa mwambo uja.

Poweruka, tikutenga mafoni m'timakabati, ndinafunsa Kang Wawan kuti ndiye mtima umakhala pansi liti. Ndimayembekezera kuti andigemule. Anatseka kakabati kake.

"Sukhala, Neng. Mawa iteranso."

Mawa itera 6 koloko ya kuno. Geti amatsegula hafu pasiti faifi.